Kulondola mwamuna kapena mkazi kunja: momwe zikalata za viza zimayendera

Ku Chitawira, Nkolokosa, Naperi ndi Kanjedza kuli mabanja omwe mwamuna kapena mkazi ali kunja: wina ndi nesi ku Manchester, wina adatenga unzika wa America, wina adakhazikika ku Joni. Wotsala kuno akaganiza zolondola mnzake, nkhani yoyamba pakhomo imakhala ya tikiti ya ndege, chonsecho tikiti ndiyo yomalizira. Ntchito yaikulu ili pa zikalata, ndipo zambiri mwa izo zimachokera m'maofesi a konkuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chitsanzo chachikulu pano ndi dziko la Britain, poti malamulo ake adalembedwa mwatsatanetsatane. Za America ndi South Africa zibwera pomwe zikusiyana.

Kodi wounika pempho amafuna kudziwa chiyani?

Munthu amene amagamula za viza sadafikepo pakhomo panu, sadavine nawo pa ukwati wanu, ndipo mwina simudzaonana naye n'komwe. Mafunso ake ndi ochepa: wopemphayu ndani, ukwatiwu ndi wovomerezeka pa lamulo kodi, awiriwa ndi banja lenileni kapena angokwatirana pofuna viza, akakafika akadya chiyani ndi kugona kuti, nanga palibe mlandu kapena matenda oletsa ulendo? Chikalata chilichonse chimayankha limodzi mwa mafunso amenewa. Zikalatazo zili ngati ankhoswe: zimakuyankhulirani inu muli chete, ndipo ankhoswe awiri akafotokoza zosiyana, bwalo limayamba kukayikira banja lonse. N'chifukwa chake faelo yopyapyala koma yogwirizana imaposa chimulu cha mapepala otsutsana.

Wakunjayo ali ndi chilolezo chanji?

Funso ili ndilo limasankha njira, ndipo liyankhidwe musanawononge ndalama iliyonse. Ku Britain, viza ya banja ndi ya munthu amene mnzake ndi nzika ya Britain kapena Ireland, kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Ngati wakunjayo ali pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, wakuno amapempha ngati wodalira mwini vizayo, ndipo fomu, ndalama ndi malamulo ake ndi ena. Kusiyanaku kudakula mu 2024. Kuyambira Januwale chaka chimenecho ophunzira ambiri a digiri yachiwiri sakuloledwanso kuitana mabanja awo, ndipo kuyambira pa 11 Malichi olowa kumene ntchito yosamalira okalamba ndi odwala adatsekeredwanso khomo lomweli. Manesi sadakhudzidwe. Choncho malangizo a mnansi amene adapita mu 2022 akhoza kukhala oona kwa iye koma osathandiza kwa inu.

Ndi ukwati uti umene umawerengedwa?

Lamulo la maukwati la 2015, la Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza maukwati a mitundu inayi: wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo, ndi wa anthu omwe angokhalira limodzi nthawi yaitali. Wachinayiwu subwera wokha. Bwalo la milandu ndilo limaugamula, ndipo awiriwo akhale atatha limodzi zaka zosachepera zisanu. Onse akhale a zaka 18 kapena kuposerapo. Mayiko ambiri amatsata mfundo yakuti ukwati wovomerezeka komwe udachitikira ndi wovomerezekanso kwawo, kotero chinkhoswe si chopepuka pamaso pa lamulo. Vuto lake ndi umboni: mudzi wonse ungachitire umboni pakamwa, koma pempho la viza limalandira zolembedwa zokha. Pomwe malamulo akuno ndi akunja amasemphana kotheratu ndi pa mitala. Britain ndi America sapereka viza ya banja kwa mkazi wachiwiri, ngakhale kwawo ukwatiwo uli wovomerezeka.

Mtchatho wa kutchalitchi ndi kaundula wa boma

Mabanja ambiri ali ndi pepala lomwe abusa kapena ansembe adawapatsa tsiku la ukwati, ena adaliika m'fulemu n'kulipachika pabalaza. Lofunika ndi lomwe likusonyeza kuti ukwatiwo udalowa m'kaundula wa boma: lokhala ndi nambala, mayina a mboni, siginecha ya wodalitsa ndi chidindo. Mipingo ina imapereka lomwelo, ina imapereka khadi la mpingo chabe, ndipo kumzikiti nkhani ndi yomweyi. Kuti mudziwe lanu ndi liti, pitani nalo ku ofesi ya DC wa Blantyre kapena ya Registrar General mumzinda momwemu. Omwe adangochita chinkhoswe nthawi zambiri amakamangitsa ukwati kwa DC, komwe chidziwitso chimayamba chakhomedwa kwa masiku 21. Wakunja amene akubwera patchuthi cha milungu iwiri awerengere masikuwa asanakwere ndege. Ngati chinkhoswe chidachitika mu 2019 koma kwa DC mudapita mu 2024, lembani madeti onse awiri momwe alili. Kubisa loyamba kumasiya zithunzi za chinkhoswe ndi mwana wobadwa mu 2020 opanda chozifotokozera.

Banja lakale lidatha bwanji?

Kumudzi banja limatha ankhoswe akakhala pansi, mfumu n'kuchitira umboni, wina n'kunyamula katundu wake. Kwa wounika viza, banja limatha ndi chigamulo cha bwalo la milandu kapena ndi imfa. Ukwati wa pachikhalidwe nthawi zambiri umathera ku bwalo la majisitireti, wa kwa DC ku High Court, ndipo wofedwa amafunika kalata ya imfa yochokera ku National Registration Bureau, NRB. Deti ndilo lofunika kwambiri apa: chigamulo chothetsa banja loyamba chiyenera kutsogola, ukwati watsopano n'kubwera pambuyo. Zikasemphana, ukwati wachiwiriwo ukhoza kuoneka wosavomerezeka, ndipo apa mpofunika loya, osati kalata ya amfumu. Izi zikukhudza onse awiri, wakuno ndi wakunja yemwe.

Mayina ndi zaka zobadwa

Apa ndi pomwe mafaelo ambiri akuno amapunthwa, osati chifukwa cha chinyengo koma chifukwa cha momwe timatchulirana mayina. Munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi dzina la ubatizo kumpingo, dzina la bambo ake ngati dzina lomaliza kusukulu, ndi chiwongo pa chitupa cha unzika. Mlembi wina adalemba Chirwa, wina Chilwa. Wina Grace, wina Chisomo. Palinso omwe adasintha dzina kapena kuchepetsa zaka pobwereza Sitandade 8, ndipo setifiketi ya MANEB idakali ndi dzina limenelo mpaka lero. Kuno aliyense amamvetsa, koma kompyuta ya kunja imaona anthu awiri. Njira yosavuta yodziwira ndi kuyala zikalata zonse patebulo, pasipoti pakati, n'kufananitsa chilembo ndi chilembo, deti ndi deti. Pasipoti ndiyo muyezo, poti viza imatuluka m'dzina lomwe lili mmenemo. Kusiyana kwakung'ono kumafotokozedwa ndi kalata yolumbira pamaso pa loya kapena majisitireti, yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Kusiyana kwakukulu, monga chaka chobadwa, kumakonzedwa ku ofesi yomwe idatulutsa chikalatacho, osati ndi cholembera kunyumba. Fomu imafunsanso ngati mudadziwikapo ndi mayina ena, tchulani onse. Mayi amene pasipoti yake ili m'dzina la kwawo sakakamizidwa kusintha kuti litengere la mwamuna, chifukwa mtchatho ndiwo umalumikiza mayina awiriwo.

Kalata yobadwira

Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kudayamba kukakamizidwa mu 2015, ndipo kalembera wa zitupa za unzika adachitika mu 2017. Ndiye ambiri omwe ali pabanja lero adakula ndi khadi la kusikelo kapena kalata ya ubatizo basi. Wamkulu akhoza kulembetsa mochedwa kudzera ku ofesi ya NRB ya kwa DC. America imafuna kalata yobadwira ya wopempha. Britain kawirikawiri imakhutira ndi pasipoti, koma ya mwana imaifuna. Kalata yotuluka chaka chino ya munthu wobadwa mu 1990 siyachilendo, komabe wounika akhoza kufunsa umboni wakale woichirikiza, choncho khadi lakale lija, ngakhale lidang'ambika m'makona, musalitaye.

Pasipoti

Yambani nayo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo m'dziko muno, ndipo aliyense amene zikalata zake zina zinkadikira pasipoti adaima nayo limodzi. Yakale yomwe idatha mphamvu isungidwenso, chifukwa zidindo za pa Chileka, pa Kamuzu International Airport ndi pachipata cha Mwanza ndizo zimasonyeza maulendo anu.

Umboni wakuti banjali ndi lenileni

Mtchatho umasonyeza kuti ukwati udachitika, koma susonyeza kuti banja lilipobe. Apa wounika amafuna kuona ulusi wosaduka kuchokera pomwe mudadziwana kufika lero. Zothandiza ndi zidindo ndi matikiti a maulendo omwe wakunjayo adabwera, zithunzi zochepa za nthawi zosiyanasiyana zokhala ndi achibale a mbali zonse, malisiti a ndalama zotumizidwa pa Mukuru kapena WorldRemit, ndi zitsanzo za macheza a pa WhatsApp zoonetsa madeti. Masamba mazana a mauthenga a mwezi umodzi sathandiza ngati tsamba limodzi la mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri. Zinthu ziwiri zimaononga umboniwu mwakachetechete. Lisiti la kapepala kosalala kochokera m'makina limafufutika lokha, makamaka likakhala m'chikwama nyengo yotentha ya Okutobala, moti pakatha miyezi limatsala loyera. Lijambuleni tsiku lomwelo. Foni nayo imabedwa m'minibasi kapena kugwera m'madzi, n'kupita ndi macheza a zaka zitatu ngati sadasungidwe kwina. Ngati ndalama zinkatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ya mlamu kapena ya apongozi, fotokozani m'kalata yaifupi chifukwa chake, poti pa pepala zikuoneka ngati zinkapita kwa munthu wina.

Ndalama zomwe Britain imafuna

Kuyambira pa 11 Epulo 2024, woitanayo ayenera kukhala akulandira £29,000 pachaka msonkho usanadulidwe. Kuchokera mu 2012 mlingowu udali £18,600. Malipiro a wakuno sawerengedwa, ngakhale ali pa ntchito yabwino ku Limbe. Wa pa ntchito yolembedwa amasonyeza mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, sitetimenti za kubanki za miyezi yomweyo, ndi kalata ya bwana wake, ndipo ziwerengero za pa zitatuzi zifanane. Malipiro akaperewera, ndalama zosunga zimatha kukwaniritsa: kuperewerako kumachulukitsidwa ndi 2.5, n'kuwonjezerapo £16,000. Wolandira £25,000 waperewera ndi £4,000, ndiye akufunika £26,000 kubanki; wodalira zosunga zokha akufunika £88,500. Ndalamazo zikhale zitagona mu akaunti ya mmodzi wa inu miyezi isanu ndi umodzi, ndipo gwero lake lidziwike, kotero zobwereka kwa achibale sabata yopereka fomu sizigwira. Pamwamba pa izi pali mtengo wa pempho, womwe mu 2025 udali £1,938, ndi ndalama ya chithandizo cha kuchipatala ya £1,035 pachaka, yomwe pa viza yoyamba imakwana £3,105. Zonsezi zimalipidwa pa intaneti ndi khadi la kubanki, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, nzeru ndi yakuti alipire wakunjayo. Pafunikanso umboni wa nyumba yokakhalamo.

Mayeso a Chingerezi

Ambiri amadabwa nazo, koma Malawi sali pa mndandanda wa mayiko omwe Britain imawatenga kuti ndi oyankhula Chingerezi, ndipo kukhoza bwino phunziroli pa MSCE sikuwerengedwa. Wopempha koyamba amayesedwa kumva ndi kuyankhula pa mlingo wotsikitsitsa wa A1, monga pa mayeso a IELTS Life Skills. Mayesowo ndi osavuta. Chovuta ndi kulembetsa olakwika, chifukwa si IELTS iliyonse yomwe imavomerezedwa pa viza. Amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi, monga ya ku University of Malawi kapena MUBAS, akhoza kupewa mayeso ngati bungwe la Ecctis latsimikizira kuti digiriyo ikufanana ndi ya ku Britain.

Kuchipatala ndi kupolisi

Aliyense wochokera ku Malawi amene akukakhala ku Britain kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayezedwa chifuwa chachikulu cha TB, pa chipatala chokhacho chomwe boma la Britain lidavomereza. Chithunzi cha m'chifuwa chochokera ku Queen Elizabeth, ngakhale chili pafupi ndi Chitawira ndipo n'cholondola, sichilowa m'malo mwake ngati chipatalacho sichili pa mndandanda wawo. Kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri ya milandu imafunidwa ndi America ndi South Africa; Britain pa viza ya banja imangofunsa pa fomu. Kalatayi imatuluka munthu akadinda zala, ndipo likulu la polisi lili ku Area 30 ku Lilongwe. Amene adakhalapo ku Joni kapena dziko lina chaka chathunthu akhoza kufunsidwa kalata ya kumenekonso, ndipo imeneyo ndi yomwe imachedwa.

Ziyambe ziti, zitsirize ziti?

Zikalata zina sizikalamba: mtchatho, kalata yobadwira, chigamulo cha kubwalo. Zina zili ndi nthawi yake. Zotsatira za mayeso a Chingerezi zimakhala zaka ziwiri, setifiketi ya TB miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pepala lomaliza la malipiro ndi sitetimenti ya kubanki zisapitirire masiku 28 pofika tsiku lopereka fomu pa intaneti. Dongosolo lake likuoneka lokha: yambani ndi zochedwa kutuluka koma zosatha mphamvu, monga pasipoti ndi kukonza mayina, kenako mayeso, kenako TB, ndipo mapepala a ndalama akhale omaliza. Oyamba ndi TB chifukwa ndiyo yosavuta amapezeka akuyezetsa kawiri. Pambuyo pa fomu pali ulendo wa ku Lilongwe wokadinda zala ndi kujambulitsa, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Blantyre, womwe ndi bwino kuulowetsa mu bajeti pamodzi ndi malo ogona.

Fotokope, chidindo ndi kumasulira

Masiku ano zikalata zambiri zimatumizidwa pa intaneti zitajambulidwa, choncho tsamba lonse lioneke, m'mphepete ndi chidindo chomwe, ndipo ngati kuseri kuli zolembedwa kujambulidwenso. Musamatire setifiketi m'pulasitiki, monga amachitira pa mashopu a fotokope, chifukwa chidindo chofinya sichikhudzikanso ndipo maofesi ena amakana. Fotokope yotsimikizika ndi yomwe loya kapena majisitireti waifananitsa ndi chikalata chenicheni n'kuidinda. Mayiko ena amafuna chidindo chapadera cha apostille, ndipo Malawi adalowa m'pangano lake mu 1967. Funsani kaye ngati chikufunika musanachilipire. Kalata ya amfumu kapena uthenga wa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka umafuna womasulira wodziimira payekha, yemwe alembe dzina lake, deti, momwe angapezekere ndi mawu otsimikizira kuti wamasulira molondola. Kudzimasulira nokha, ngakhale mumachidziwa bwino Chingerezi, sikuvomerezeka.

Ana

Mwana aliyense ali ndi pempho lake, pasipoti yake ndi malipiro ake. Ngati ndi wa nonse awiri, kalata yobadwira yokhala ndi mayina a makolo onse imakwanira. Wa banja loyamba ndiye amafuna zambiri: Britain imafunsa ngati kholo lomwe likupita ndilo lokhalo limalamula za moyo wa mwanayo, sukulu yake, chipatala ndi komwe akhale. Kuno mwana amaleredwa ndi agogo kapena azakhali popanda wodabwa, koma pa pempho zimenezi ziyenera kufotokozedwa, ndi malisiti a fizi ndi makalata a kusukulu osonyeza amene amasankha zochita.

Njira ya ku America

Kumeneko woyamba ndi wakunjayo, amene amapereka fomu ya I-130 ku USCIS, bungwe la boma loona za anthu olowa m'dzikolo. Ikavomerezedwa, faelo imapita ku National Visa Center, wakuno n'kudzaza fomu ya DS-260, woitanayo n'kulumbira pa fomu ya I-864 kuti adzasamala mnzake ndi ndalama zosachepera 125 peresenti ya mlingo wa umphawi womwe boma lawo limaika. Kenako pali kuyezedwa ndi dokotala wovomerezeka ndi kukafunsidwa mafunso pamaso ku ofesi ya kazembe. Ukwati wosakwana zaka ziwiri umapatsidwa viza ya CR1, ya chilolezo cha zaka ziwiri chofuna kutsimikizidwanso. Wopitirira pamenepo umapatsidwa IR1. Koma mu Disembala 2025 boma la America lidaika Malawi pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zake zidaimitsidwa kulandira mitundu ina ya viza, kuphatikizapo yokakhazikika. Musanalipire chilichonse, onani pa tsamba la ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe momwe lamuloli lilili pa nthawiyo.

Nanga ku South Africa?

Mmalawi amalowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 30, n'chifukwa chake ambiri amangokwera basi n'kumati zina zikaoneka komweko. Kupitirira masikuwo kumachititsa munthu kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Wokwatirana ndi nzika ya South Africa, kapena ndi munthu wa chilolezo chokhazikika, akhoza kupempha viza ya wachibale, yomwe siloleza ntchito, kapena ya gawo 11(6) la lamulo lawo, yomwe imaloleza. Chilolezo chokhazikika chimapemphedwa ukwati ukakwanitsa zaka zisanu. Ngati wa ku Joniyo alibe mapepala iye mwini, palibe viza ya banja yomwe angaitanire mnzake.

Madobadoba ndi alangizi

Pakhomo pa ofesi iliyonse yotulutsa zikalata pamakhala wina wonena kuti ali ndi munthu mkati. Chikalata chotuluka m'njira yachidule chimatha kuoneka bwino koma osapezeka m'kaundula, ndipo maofesi a kazembe amafufuza. Wosayina fomu ndi amene amasenza mlandu, osati wodzaza. Ku America kunama pa mfundo yofunika kumatseka khomo moyo wonse, pokhapokha munthu atapatsidwa chikhululuko chapadera. Bodza lofala si la setifiketi yopeka ayi, ndi kuyankha kuti simudakanidwepo viza pomwe mudakanidwa zaka zapitazo. Zala zomwe mudadinda nthawi imeneyo zidakalipo. Pempho losavuta, banja likhoza kulidzaza lokha. Pomwe pali banja lakale losatha bwino, mlandu kapena kukanidwa kwakale, funani loya, kapena ku Britain mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority.

Yankho likabwera

Kalata yokana imatchula ndime ya lamulo yomwe sidakwaniritsidwe. Wokanidwa viza ya banja ya ku Britain ali kunja amakhala ndi masiku 28 ochitira apilo, koma ngati vuto lidali pepala limodzi losowa, kupemphanso kumatha kufulumira kuposa apilo, ngakhale mtengo wa pempho umalipidwanso. Ikavomerezedwa, viza yoyamba ndi ya miyezi 33, yololeza ntchito koma yosaloleza kulandira thandizo la ndalama la boma. Isanathe mumapempha ina ya miyezi 30, ndi Chingerezi cha mlingo wa A2, ndipo pa pempho limenelo umboni wofunika si wa WhatsApp koma wosonyeza kuti mukukhala nyumba imodzi: makalata a kubanki, a kuchipatala, a khonsolo ndi mabilu a magetsi ofika pa adilesi yomweyo m'mayina a nonse awiri. Kwa wozolowera kugula mayunitsi a ESCOM pafoni, pa mita yolembedwa dzina la eni nyumba, chimenechi n'chizolowezi chatsopano, ndipo kulembetsa dzina lanu pa mabiluwo kuyambe mwezi womwe mwafika.